Usakachite Manyazi Kutsika

Kwa Zulu, Mchinji

Mwana wanga Felista,

Ndayamba kalata ino dzuwa lili paliwombo, koma ndi dzanja langa ili la sukulu ya kwacha, mwina nkhuku zilowa m'khola ndisanamalize. Uwerenge modekha, zilembo zina zagona chammbali. Pakamwa sindikanatha kukuuza. Ukudziwa wekha kuti ine ndikayamba nkhani, mayi ako amaimaliza ndisanafike n'komwe pakati.

Choyamba ndikuthokoze. Ndiwe munthu wamkulu, uli ndi ntchito yako pa boda, ndipo ndalama za ulendo uno unasunga wekha, palibe mbuzi ya munthu imene yagulitsidwa. Ukanatha kungonyamuka n'kutiimbira foni uli kale pabwalo la ndege. Koma unabwera, unakhala pamphasa, n'kunena kuti, "Ababa, ndikufuna ndikaone dziko la Madagasika, lija lili pakati pa nyanja yamchere. Mundilole." Tsiku limenelo sindinayankhe zambiri, ndinangoti chabwino. Koma mumtima ndinayamika Mulungu kuti anandipatsa mwana wodziwa khomo la kwawo.

Mayi ako aang'ono, Anasitaziya, unawamva wekha. "Ndalama zonsezo kukaonera madzi? Madzi ali pamjigo apa, pita ukaone ulere!" Tinaseka tonse, iwenso unaseka, koma ndinaona kuti zakubaya. Usazisunge. Zaka zonsezi wakhala ukukonzera mapepala madalaivala a mathiraki kuti adutse, ena wa ku Lusaka, ena wa ku Beira, iwe uli pampando womwewo. Munthu wotsegulira anzake njira tsiku ndi tsiku, nayenso aloledwe kupondamo. Pita, mwana wanga.

Unandifotokozera kuti awirinu, iwe ndi mnzako Ireni wa ku Chipata uja, mukayenda motchipa. Mukagona m'nyumba za alendo zimene chipinda chimodzi chimakhala ndi mabedi ambiri, mukakwera mabasi a anthu wamba, mukadya pamsika, ndipo kumapeto mukakwera boti kupita ku kachilumba kena kakang'ono kamene unandionetsa pafoni, kamchenga wa mbee ngati ufa woyanika. Unkafotokoza motsitsa mawu ngati ukupepesa. Palibe chopepesa pamenepo. Ine nyanja yamchere sindinaionepo, ndege ndimangoiona m'mwamba, koma ulendo wotchipa ndiye ndimaudziwa. Wina sindinayendepo. Ndiye tamvera zimene unandiphunzitsa. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chimodzi chokha, boti lija, ndipo ndifikako. Undidikire, ndiyambe ndi zabwino.

Pamene ndinkachoka kwathu ku Phalombe ndili mnyamata, kubwera kuno kudzakhala tenanti wa fodya, tinakwera lole ya mwini esiteti. Kapitawo anakhala kutsogolo ndi dalaivala, magalasi otseka. Ife tinali kumbuyo, pamwamba pa matumba a fetereza, ndi miphika, ndi makasu, ndi ana. Fumbi linatiyeretsa nsidze. Pafupi ndi ine panali mnyamata wa ku Chiradzulu, dzina lake Jailosi, ndipo bondo lake linkandibaya m'nthiti njira yonse. Ndinapirira mpaka ku Dedza, kenako ndinati, "Achimwene, bondo lanuli munalinola?" Iye anati, "Pepani, ndimasungira pomwepa kuti lisabedwe." Anatulutsa chinangwa chophika, tinagawana, ndipo pofika ku Mchinji tinali titauzana mayina a abale athu onse. Jailosi yemweyo ndiye anayamba kukwatira kwa Zulu kuno, ndiye anadzandionetsa mayi ako pa ukwati wa msuweni wawo, ndiye a Jailosi amene anakunyamula pa ubatizo ku tchalitchi cha Guilleme. Kapitawo uja anafika malaya ake ali oyera, koma anafika yekha monga ananyamukira. Ubwino wa ulendo wotchipa ndi umenewo, Felista. Umakukhazika bondo ndi bondo ndi anthu. Ukakakwera basi ya kumeneko, usakatseke makutu ndi timawaya ta foni tija. Chilankhulo chawo sudzachimva, koma nthochi yonyema pakati aliyense amaimva.

Tsono bondo ndi bondo limafuna munthu wodziwa kulandira, ndipo apa ine ndinalakwitsapo. Titasiya utenanti, ine ndi a Jailosi tinkanyamula mtedza panjinga kukagulitsa ku Chipata. Ulendo wina mvula inatigwira, tinalephera kubwerera, ndiye tinapempha malo pakhomo pa dalaivala wina amene a Jailosi ankamudziwa. Mkazi wake sanali wa mbali zathu zino, anachokera kutali kumpoto kwa Zambia. Anaphika nkhuku, anatiikira madzi osamba m'manja, n'kuti, "Bwerani mudye." Ine mwa ulemu wathu uja ndinati, "Ayi zikomo mayi, ndadya kale." Kuno kwathu mlendo akatero, mwini khomo amadziwa kuti ndi bodza la ulemu. Amakuitana kachiwiri, kachitatu, mpaka ukuvomera ngati wakakamizidwa. Mayi uja anangoti, "Oo, chabwino," n'kuchotsa mbale yanga. Ndinakhala pakona ndikudikira kuitana kwachiwiri. Sikunabwere. A Jailosi ankadya akundiyang'ana, akuswa mafupa pang'onopang'ono, n'kumati, "Mlamu, inu munachita bwino kudya kale. Nkhuku iyi ikanakuvutani, yanona kwambiri." Pogona m'mimba mwanga munalira mpaka mwini nyumba anafunsa ngati panja pali galu. Mayi uja analibe mlandu. Anandikhulupirira, basi. Ndiye iwe, ku dziko la eni, ukakhala ndi njala unene kuti ndili ndi njala. Akakupatsa, landira koyamba komweko ndi manja awiri. Sudziwa ngati kwawoko amaitana kawiri.

Ukalandira, ukumbukenso kusiya kanthu. Zaka zimene ndinkapalasa kabaza pa boda ndinanyamulapo alendo ambiri a zikwama zikuluzikulu kumsana, oyenda motchipa ngati mmene ukayendere iwemu. Ndinaona mitundu iwiri. Wina anakangana nane mtengo mpaka thukuta, anachotsa, anachotsanso, ine n'kuvomera chifukwa kunyumba kunalibe mchere. Titafika pa boma analowa mugolosale n'kugula chakumwa chozizira chodula kuposa zimene anandipatsa nditamukweza zitunda zonse zija. Sindinamutukwane, koma mpaka lero nkhope yake ndimaikumbukira. Wina anali mtsikana wamsinkhu wakowu. Anafunsa mtengo, anaseka, anati ndichotseko pang'ono, ndinachotsa, tinagwirizana. Pachitunda anatsika yekha n'kumakankha nane njinga. Ameneyo ndinamubweretsa kunyumba kuno anadya nkhwani zotendera, iwe unali wamng'ono, unkamugwiragwira tsitsi. Onse awiri ankasunga ndalama, koma woyambayo ankasungira pamsana panga. Kumene ukupitako unandiuza kuti kuli amphawi ngati ife, ena amakoka anthu pa tingolo ndi miyendo yawo. Kutsitsa mtengo si tchimo, n'chikhalidwe cha msika. Koma uyang'ane kaye mapazi a munthu amene ukumutsitsayo. Ngati ndi ong'ambika ngati a bambo ako, lekera pomwepo.

Kuipa kwa zotchipa nakonso ndikudziwa, ndipo kwina n'koseketsa. Chaka china ndinapita ku Lilongwe kukagula matayala a njinga. Panali nyumba ziwiri zogona alendo pafupi ndi depoti. Ndinasankha yotchipitsitsa, osalowa n'komwe kukaona chipinda, chifukwa ndinkaona ngati kupempha kuona kaye n'kunyoza mwini wake. Chitseko chinali chotseka ndi msomali wopinda. Ndinagona nsapato ndili nazo kumutu, ndalama m'sokosi, diso limodzi lili pachitseko. Akuba sanabwere, koma nsikidzi zinabwera ndi abale awo onse. Kutacha ndinali wotopa moti mzinda wonse uja, umene ndinkaulakalaka kuuona, ndinaudutsa ndikusinza. Choipitsitsa, zina zinakwera nane m'chikwama mpaka kuno. Mayi ako anatulutsa mphasa zonse panja, anawiritsa madzi, akuthira akundinena: "Anzanu akapita kutauni amabwera ndi buledi, inu mwabwera ndi ziweto!" Iwe usakatero. Uone chipinda usanapereke ndalama. Tembenuza matiresi, yesa loko, funsa neti ya udzudzu. Ukaona kuti sipali bwino, thokoza n'kutuluka. Ndipo tsiku lina mukatopa, mulipire malo abwinoko mugone tulo teniteni. Munthu wosagona saona dziko, amangolidutsa. Usakadzimane chakudya kapena tulo pofuna kutibweretsera zotsala. Denga unatifolerera kale, mvula ikagwa timagona ngati mafumu, ndipo pa chimenecho sindidzasiya kukuthokoza. Ulendo uno ndi wako.

Za kudya pamsika sindikuletsa, ndiko kuli chakudya chenicheni cha dziko. Udye chotentha, chochoka pamoto iwe ukuona, ndipo uzipita pamene akudya amayi a ana. Amayi sadyetsa ana awo pamalo oipa.

Tsopano ndafika pa boti lija. Waona kuti nkhani ya nkhuku ndi ya nsikidzi zili ndi muzu umodzi? Manyazi. Pa nkhuku anandigoneka ndi njala, pa nsikidzi anandigoneka maso. Kachitatu anatsala pang'ono kundigoneka kwamuyaya.

Nkhaniyi umaidziwa, koma umaimva ngati nthabwala ya pa Khirisimasi, ija amati tsiku limene ababa anamwa Bua. Lero uimve bwino. Inali nyengo ya mvula, mayi ako ali ndi pakati pa iwe, mimba itaoneka kale. Kunagwa maliro kutsidya, kwa anzathu a ku esiteti. Njira yodzera pamlatho inali yozungulira ndipo inkafuna matola. Pa dooko panali bwato, mtengo wake wochepa, ndiye tinati tidzere pomwepo. Mtsinje wa Bua unali utadzaza mpaka m'madimba, madzi ofiira, akuthamanga ndi zinyalala. Tinalipira, tinakwera. Wopalasa anapitiriza kukweza: anthu, njinga, thumba la chimanga cha pamaliro, kenako anthu ena. Ndinaika dzanja m'mphepete mwa bwato, zala zanga zinakhudza madzi. Mtima unandiuza kuti apa sipali bwino. Ndinakhala chete.

Mayi ako anaimirira. "Ine nditsike."

Wopalasa anati, "Amayi, khalani pansi, mugwedeza bwato. Ndalama sindibweza."

"Idyani. Nditsike."

Anthu anayamba kuseka. Mnyamata wina wa kumbuyo anakuwa kuti, "Amayi, mwana ali m'mimbayo ali kale m'madzi, akuopa chiyani?" Bwato lonse linafa ndi phwete. Mayi ako anatsika ndithu. Anakwinya chitenje, anaponda m'matope mpaka m'mawondo, anakwera kumtunda, n'kutembenuka. "Bambo a kwathu, tiyeni."

Mnyamata uja anati, "Eee, tione ngati mkamwini atsatire!"

Ndiye ine, Felista, ndi mutu wangawu, ndinaona ngati kutsika n'kuvula umuna pamaso pa anthu. Ndinati, "Inu bwererani kunyumba, ine ndikafika." Ndipo mumtima ndinawakwiyira mayi ako kuti andichititsa manyazi.

Sitinafike pakati. Chitsa chinabwera ndi madzi, chinagunda, bwato linapendekeka pang'ono chabe, koma pang'ono pomwepo panakwana chifukwa panalibe malo otsala. Sindidziwa kusambira. Ndikukumbukira kuzizira, ndi mdima wofiira, ndi mwendo wa munthu ukundiponda paphewa. Madzi anandikankhira ku bango, ndinagwira, bango linandicheka manja koma sindinasiye. Anthu a m'madimba anabwera ndi nsungwi n'kutikoka mmodzimmodzi. Mwa chifundo cha Mulungu palibe anamwalira. Njinga ndi chimanga zinapita. Mnyamata wonyoza uja anamukoka akulira amayi ake. Atandigoneka pamtunda ndikusanza madzi, mayi ako anafika, anagwada, anandipukuta kumaso ndi chitenje. Ndinadikira kuti anene mawu aja akuti ndinakuuzani. Sananene, mpaka lero. Koma ine ndinayang'ana mimba ija n'kudzifunsa kuti, akanakhala chete ngati ine, munthu wa pakati akanagwira bango liti? Iwe uli moyo chifukwa mayi ako analola kusekedwa.

Chimene ndikulembera zonsezi n'chakuti iwe sunatengere mayi ako. Unatengera ine. Nkhope ndi yawo, koma mtima wa manyaziwo ndi wanga. Ndimakuona. Telala akakusokera diresi yothina umavala n'kuti ili bwino. Pa sitolo akakupatsa shuga wonyowa umalandira. Mayi ako aang'ono atakunena za madzi a pamjigo unaseka nawo, misozi ili pafupi. Anthu amakuyamikira kuti mwana wa ulemu, ndipo inenso ndimanyadira. Koma akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ndipo madzi sadziwa ulemu wa munthu.

Ndiye tamvera, mayi wanga. Tsiku lokwera boti lija, mwina mukapeza maboti awiri, lina lodula, lina lotchipa. Pa chakudya sankha chotchipa, pa basi sankha yotchipa, sindikuletsa. Pa madzi ayi. Pamenepo ndiye potulutsa ndalama imene wakhala ukuisunga njira yonse. Funsa ngati muli zovala zija zoyandamitsa munthu, ndipo uvale, ngakhale ena onse asavale, ngakhale zikhale zonunkha nsomba. Yang'ana kumwamba, yang'ana nkhope za amayi a komweko. Akakhala kuti eni dziko akukana kukwera, iwe ndiwe yani? Ndipo ukakhala kuti wakwera kale, walipira kale, chikwama chili kale pansi pa katundu wa ena, koma mtima wakuuza kuti apa sipali bwino, imirira. Tsika. Akakuseka m'chilankhulo chawo, sudzamva n'komwe. Akakana kubweza ndalama, asiyire. Ireni akati, "Iwe, tachedwa kale, tiye," umugwire dzanja mutsike nonse, chifukwa nayenso ali ndi amake ku Chipata. Akakana, tsika wekha. Kachilumbako sikathawa. Ukalephera kukafikako, udzabwere udzatiuze kuti ndinakaona patali, ndipo ine ndidzakuphera nkhuku yaikulu kuposa imene ndikanakuphera utafikako.

Usaganize kuti ndikukuopseza kuti usinthe maganizo. Ayi. Ndikufuna upite, ukaponde mchenga umenewo, ukalawe madziwo ngati alidi amchere, udzandiuze. M'banja mwathu palibe anafikako kutali chotero. Agogo ako anayenda wapansi kukafuna ntchito, ine ndinayenda pa lole kukafuna ntchito, iwe ndiwe woyamba kuyenda chifukwa chongofuna kuona. Ndikaganiza zimenezi ndimangoti zikomo Ambuye, mwatifikitsa patali. Anthu achilendo anandichitira zabwino zambiri m'njira zanga, ondipatsa madzi, ondilozera njira, ondikoka ndi nsungwi, ambiri sindinawadziwe n'komwe mayina. Ndikukhulupirira kuti kumenekonso aliko otere, akukudikira. Lamulungu ukapeza tchalitchi ulowe. Misa ndi imodzimodzi kulikonse, udzadziwa poimirira ndi pogwada. Pasipoti isachoke pathupi pako. Madzulo aliwonse utumize mawu pafoni kuti mwagona kuti, ngakhale mawu awiri, mayi ako agone.

Mayi akowo usawaone kukhala chete masiku ano n'kumati akwiya. Kuyambira m'mawa akukazinga mtedza ndi kusinja chiponde choti unyamule. Ndawauza kuti mwina a pabwalo la ndege akakulanda. Ayankha kuti, "Akalanda adye, nawonso ndi ana a anthu." Ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndilembe muno. Ati, "Muuzeni asakwere chodzaza." Basi, abwerera kumtondo. Ine zanditengera mapepala onsewa, iwo mawu atatu.

Ndili ndi pempho limodzi, ndipo ndi la mawa lomwe. Ndikuperekeza pa siteji. Ukudziwa mmene amachitira anyamata a matakisi pa msewu wathuwu: kutsogolo awiri pampando umodzi, kumbuyo mothinana, wina pamiyendo pa mnzake, dalaivala atakhala chammbali ngati akupempha malo m'galimoto yake yomwe. Nthawi zonse umakwera, umapinda miyendo, umati zikomo. Mawa akayamba kukweza mopyola, ndikufuna utsike. Unene mokweza kuti yadzaza, ndidikira ina. Adzakunena, amakudziwa, adzati, "Asisi a pa boda ayamba matama, ndege sanakwere n'komwe." Uwalole anene. Tinyamuka m'mamawa ndithu kuti nthawi yodikira ina ikhalepo.

Ine ndidzaima poteropo ndi njinga yanga, sindidzalowererapo, sindidzanena kanthu. Ndikungofuna ndione ndi maso angawa kamodzi kokha mwana wanga akutsika anthu akumuseka. Ndikaona zimenezo, ndibwerera kunyumba mtima uli m'malo, ndipo za nyanja ndizisiya m'manja mwa Mulungu ndi mwako.

Uyende bwino, ukaone, ubwere.

Ndine bambo ako.